Kochi Tillery Asaka Kazitape

Pa koleji ina ku Alabama, kumene Loweruka anthu amaotcha nthiti za nkhumba podikira mpira wawo uja woponyerana ndi manja n'kumagwetsana, panali kochi wina, Royce Tillery, munthu wokayikira ngakhale mthunzi wake womwe. Akuluakulu a koleji anali atamuuza mosapsatira kuti timu ikapanda kuchita bwino chaka chimenecho, alongedze.

Mtima wake wonse unali pa Brantley, mnyamata woponya mpira. Dzanja linalipo ndithu, koma khalidwe ndiye ayi. Tsiku lina Brantley, atakhuta mowa, anamenya woperekera zakudya mu lesitilanti mpaka kumugulula dzino. Tillery anathamanga kukanyengerera mwini malowo kuti nkhaniyo ifere pomwepo. Kutacha, ngati chilango, analamula timu yonse kuti ithamange kukwera ndi kutsika masitepe a bwalo mpaka ena kusanza, mwini mlandu ali phee pamthunzi, ati bondo likuwawa.

Nkhani ija sinafe, inatuluka m'nyuzipepala ya ophunzira. M'malo modzifunsa pomwe walakwa, mkuluyu anayamba kusaka kazitape. Awiri akanong'onezana, iye khutu tcheru. Akaseka, ndiye kuti akuseka iyeyo. Pomaliza diso lake linagwera Tavares, chimphona chomwe ntchito yake inali kutchinga Brantley kuti adani asamugwetse. Tchimo la Tavares linali loti tsiku la masitepe lija anafunsa kuti wolakwa ndani.

"Ndiwe wagulitsa timu, eti?" anatero Tillery.

"Bwana, ine ndasanza chifukwa cha dzino lomwe sindinagulule. Nanga zoti tauni yonse inaona ndi maso, zikufunikanso kazitape?"

"Pakamwa pakopo ndi pomwe pakuonetsa kuti ndiwe. Vula yunifolomuyo, uzipita."

Wachiwiri wake atamuchenjeza kuti akulanga wosalakwa, Tillery anangoti mumtima, ahaa, uyunso akufuna mpando wanga. Kuyambira pamenepo palibe anamuuzanso kanthu, ndipo anyamata ankasewera mongokwaniritsa lamulo. Timu inayamba kukwapulidwa Loweruka lililonse.

Brantley naye, ataona kuti sakhudzidwa, anachita kunyanya. Akuyendetsa galimoto ali chiledzerere, anagunda njinga ya mayi wina, ndipo ulendo uno apolisi analowererapo. Koleji itayamba kufufuza, mwini lesitilanti uja anaulula yemwe anabwera kudzamutseka pakamwa. Tillery anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, mwamanyazi.

Nanga Brantley? Anapepesa pamaso pa atolankhani, timisozi tili lengelenge, n'kusamukira ku koleji ina ku Texas komwe anamulandira ndi manja awiri. Chaka chotsatira Tillery ankamuonera pa kanema ali kunyumba, paulova, mnyamata akubayibitsa khamu atavala yunifolomu yatsopano. Zinamuwawa koopsa, moti anakankhira kutali mbale ya nthiti zomwe mkazi wake anamuotchera.

Akuluakulu sananame pamene anati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.