Mtulo wa a Nguluwe

Kalekale, kusanabadwe khasu... Ana inu senderani kuno, nanunso akuluakulu kumbuyoko muzivomera kuti tili tonse.

Kalekale nyama sizinkalima. Zinkangoyenda. Zikapeza masuku, kudya, n'kupita. Zikapeza mapira akutchire, kudya, n'kupita. Zikapanda kupeza, kugona ndi njala, n'kupitabe.

Tsiku lina Nkhwali anatola mapira ambiri. Ena anawakwirira m'dothi kuti adye mawa, koma anaiwala pamalopo. Mvula inagwa, pamalo paja panamera timasamba. Nyama zinazungulira, kukamwa yasa.

"Chakudya munachiika m'manda, ndiye chadzukanso?" anafunsa Fulu. "Si mizimu imeneyi?"

"Inenso sindikudziwa," anatero Nkhwali. "Tiyeni tidikire, tione."

Kudikira kumeneko ndiko kunabala mudzi. Poti mapira sayenda, nyama nazo zinaleka kuyenda. Chaka chotsatira aliyense anakwirira ake. Zinakolola, zinadya, mimba ndundundu, koma mapira anatsalabe mulu.

Apa ndiye panavuta, chifukwa chibadwire palibe anaonapo chakudya chotsala. Wina amvekere titaye, chingatilodze. Wina amvekere tidyebe mpaka tiphulike. Pamapeto pake zinaluka nkhokwe n'kuthiramo, tho!

Mpamene anatulukira Nguluwe, chimphona chamimba yaikulu chimene sichinakwirireko ngakhale kambewu kamodzi.

"Nkhokwe imeneyi ikufunika mlonda," anatero.

"Wolondera chiyani?" anafunsa Fulu.

"Akuba."

"Akuba ndi ati?"

"Amene amadya za anzawo."

"Oterowo kuno kulibe."

"Inetu ndafika. Ndikapanda kulondera, ndiba."

Nyama zinayang'anana. Mawuwo ankamveka anzeru, kungoti palibe anapeza mutu wake. Zinavomera.

Nguluwe anagona pafupi ndi nkhokwe, khoba! M'mawa mwake anati, "Kuyambira lero muzinditchula kuti mfumu."

"Mfumu n'chiyani?" anafunsanso Fulu. "Chimadyedwa?"

"Sichidyedwa. Chimadya."

Nyani ataona kumene kukugwera makombo, anadzipereka kukhala mthenga wa mfumu. Anayenda khomo ndi khomo akulengeza kuti aliyense akakolola, ngala zonenepa zizipita kwa mfumu, ndipo dzina lake ndi mtulo.

"Tikuthokoza chiyani ndi mtulowo?" anafunsa Nkhwali.

"Mvula. Amfumu akalira chakumwamba, mvula imagwa."

"Nanga kale ija inkagwa bwanji?"

Nyani anakanda m'mutu. "Ija inali mvula wamba, yopanda mwini."

Nyama zinatula mtulo, Nguluwe anadya. Zinatulanso, anadyanso. Mtulo utatha anayamba za m'nkhokwe, akuti kulondera kumawawitsa m'mimba. Pofika nthawi ya mitambo, m'nkhokwe munatsala mbewu zokha pansi penipeni. Munda wakale unali utaguga, ndipo kuchigwa kumene nyama zinkafuna kutsegula watsopano, nthaka inali gwa ngati mwala.

Nkhwali anapita kwa mfumu, nagwada.

"Mfumu, mvula yayandikira. Tabwera kudzatenga mbewu."

"Chakudya changa mukachikwirire m'dothi? Misala! Choka apa."

Nkhwali anabwerera kwawo. Anayang'ana anapiye ake, timiyendo ngati udzu. Mbewu zija zikalowa m'mimba mwa Nguluwe, mudzi watha, ndipo tianato sitingapirire ulendo wakalewo. Anakhala pachulu n'kuganiza. Kenaka anaitana Nyani, podziwa kuti m'kamwa mwake simugona mawu.

"Achimwene, ichi n'chapakati pa ife awiri. Mapira ambiri ali m'dothi kuchigwa, kuthawa mtulo. Amfumu asamve."

Sanamalize n'komwe, Nyani anali atafika kale kwa mfumu.

Nguluwe anadzambatuka, ubweya nyankhalala. Liwiro la kuchigwa, mphuno pansi, fukufuku! fukufuku! Zibuma zinkangouluka. Nkhwali anamtsatira akunjenjemera mwadala.

"Pepani mfumu, talakwa. Si pamenepo ayi, senderani kutsogolo."

Fukufuku! fukufuku!

"Mwatsala pang'ono. Tsopano bwererani mzere winawu."

Uku Nguluwe akufukula, uku nyama zikututa mbewu kunkhokwe yopanda mlonda, n'kumaponya m'mbuyo mwake, n'kumakwirira ndi mapazi. Fulu anafika ndi kambewu kake akuwefuka.

"Kodi tikuba kapena tikubzala?" ananong'ona.

"Kwirirani, mufunsa bwino," anatero Nkhwali.

Chigwa chonse chinatembenuka, chofewa ngati ufa. Mvula inayamba, waaa, osadikira kuti mfumu ilire. Nguluwe anabwerera akudzikoka, mphuno itasupuka, m'mimba muli kulira. Anasuzumira m'nkhokwe. Mbee!

"Mapira anga ali kuti?"

"Ali m'dothi kuchigwa, mfumu, monga munamvera," anayankha Nkhwali.

"Bodza! Ndakumba ine konseko, sindinapeze kanthu."

"Munafulumira. Munafika mapirawo asanafike."

Nguluwe anakhala pansi. Anayesa kuganiza chakutsogolo, osatuluka. Anayesa chakumbuyo, osatulukanso. Anatembenukira kwa mthenga wake.

"Nyani, tandiuza. Ndaberedwa kapena ndalima?"

"Zikuoneka ngati zonse ziwiri, mfumu."

Anafuna kukafukulanso, koma mphuno ikangokhudza dothi, ululu wake ankalumpha nawo. Pamene inkapola, chigwa chonse chinali biriwiri. Anazula phesi limodzi n'kuyang'ana kumizu, mapira osawaona.

"Asanduka udzu! Mudzi wa afiti uno," anatero, n'kulowera kutchire. Mpaka lero nguluwe imafukula m'minda mwa anthu. Ikufunabe mtulo wake.

Chaka chimenecho nyama zinakolola kuposa kale, nkhokwe mpaka kukamwa. Zili mkati movina, Fulu anaimitsa ng'oma.

"Nanga Nguluwe akabweranso, atilonderere ndani?"

Zonse zinakweza maso. Padenga pa nkhokwe panali patakhala kale Nyani, ngala yonenepa ili m'manja, masaya ali tutumu.

"Musade nkhawa, abale anga," anatero. "Ine ndimadya pang'ono."

Nthano yanga yakhumudwa pa chitsa chimenecho, phulani mbatatazo zisanapserere. Koma ana inu, mukadzadzaza nkhokwe, mlonda musamufunefune, adzabwera yekha. Inu muzidzangoyang'ana kukula kwa mimba yake.