Malipiro a Chimbalangondo

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunamizira kuwodzera kumbuyoko, kunali dziko lina lozizira koopsa, kumene madzi amauma gwa ngati mwala. Kumeneko nyanja imalowa pakati pa mapiri, kulowa, kulowa, mpaka kukathera pakhoma la madzi oundana. Kopitirira kulibe. Wolowa amatulukira momwe analowera.

M'mbali mwa nyanjayo munkakhala Nkhandwe, woyera mbee, ndi tiana take. Ankagona m'nyumba yakale ya miyala imene anaisiya makolo a Ainuwiti, eni dzikolo. Khomo lake linali lopapatiza, lolowa chokwawa, kuti mphepo isamavute.

Tiana tija tinali titaonda, nthiti zili pamtunda. Kutsogolo kunali kubwera nyengo ya mdima, imene dzuwa silituluka n'komwe, koma m'nyumbamo munalibe ndi fupa lomwe. Nkhandwe ankadziwa kuti akapanda kusunga nyama, ana akewo sadzalionanso dzuwa.

Tsiku lina mafunde analavula namgumi wakufa pagombe. Nyama yokwanira mudzi wathunthu! Koma woyamba kufika anali Chimbalangondo, chimunthu chachikulu chaubweya woyera, chosusuka zedi. Anakwera pamwamba pa nyamayo, khazikike.

"Odi, amalume," anatero Nkhandwe. "Tigawireniko kachidutswa ka mafuta. Ana akulira kunyumba."

"Anawo ndinabala ndine? Choka apa iwe!"

"Koma simungamalize nokha."

"Ndimaliza. Ndikalephera, ndigonapo."

Nkhandwe mtima unamupweteka. Anakhala pamwala, misozi ili lengelenge.

Ali chikhalire, anamva pooo! Sitima ikulowa pakati pa mapiri, yodzaza ndi alendo odzaona nyama ndi madzi oundana, onse atavala majekete ofiira, makamera ali m'manja. Nkhandwe anali ataona sitima zotere kambirimbiri, ndipo lamulo lawo ankalidziwa: alendowo amajambula nyama mmene angafunire, koma kuipatsa chakudya ayi, ngakhale nyenyeswa. Chimbalangondo sankadziwa zimenezi, poti anakulira kutali, pakati pa nyanja youndana.

Mphepo inabweretsa fungo la nyama yootcha kuchokera kukhitchini ya sitimayo. Mphuno ya Chimbalangondo inayamba kunjenjemera.

"Iwe, chikununkhiracho n'chiyani?"

"Ndi malipiro, amalume. Koma si zanu zimenezo, inu dyani namgumi wanu wozizirayo."

"Malipiro a chiyani?"

"A ojambulidwa. Mukaima patsogolo pawo, timabokosi tawoto timalira kuti tcha! tcha! Mukawasangalatsa, dzuwa likamalowa amakutsitsirani nyama yootcha, yothira mchere. Ine ndikupita ndikayese mwayi."

"Iwe? Kanthu kosaoneka n'komwe? Khala pompa undilondere nyama yangayi. Ukaikhudza ndikufinya."

Phava! M'madzi. Anasambira mpaka kukakwera pachibenthu cha madzi oundana pafupi ndi sitima. Alendo anakuwa ndi chimwemwe. Tcha! tcha! tcha! Chimbalangondo anaima ndi miyendo iwiri. Tcha! tcha! Anagubuduka chagada, mimba ili tuu kumwamba. Tcha! tcha! tcha!

Sitima inasendera kutsogolo, iye pambuyo. Ikaima, iye kuvina. Ikanyamuka, iye kusambira. Maso ake anali padzuwa, kudikira kuti lilowe. Dyera ndi loipa, anthuni, limaiwalitsa ndi za kwanu zomwe! Nyengo imeneyo dzuwa la kumeneko sililowa. Limangozungulira pamwamba pa mapiri ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo.

Njala itamugwira, Chimbalangondo anayasamula kukamwa moyang'ana alendo. Bambo wina anamva chisoni, natulutsa soseji m'thumba. Koma Pipaluk, mayi wa Chiinuwiti amene ankatsogolera alendowo, anamugwira dzanja.

"Ayi bambo, kuno nyama sitizidyetsa. Zimadzipezera zokha."

Anatero akuseka, chifukwa pamagalasi ake oonera patali anali ataona zimene zinkachitika kugombe kuja. Nkhandwe anali ataitana abale ake onse ndi mbalame za m'nyanja. Uyu kudula, uyu kukoka, uyu kuuluka nacho. Iye mwini ankangoti tuta, tuta, tuta, kuchokera pa namgumi mpaka m'nyumba ya miyala, mpaka miyendo inachita dzanzi.

Sitima inafika pakhoma lija, alendo anajambula mpaka kukhuta, ndipo inatembenuka kubwerera. Chimbalangondo anali pambuyo pakebe, wefuwefu, m'mimba muli kulira. Atafika pagombe lake anapeza mafupa okhaokha, oyera ngati otsuka.

"Nkhandwe! Nyama yanga ili kuti?"

"Ndakusungirani muno, amalume, kuopa mbalame," anayankha ali m'kati mwa nyumba. "Lowani."

Chimbalangondo analowetsa mutu pakakhomo kaja. Mutu unalowa, khosi linalowa, mapewa anakana. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Anangoti phatikize, matako ali kunyanja. Nthawi imeneyo sitima inali isanapite patali.

Tcha! tcha! tcha! tcha!

"Nkhandwe," ananong'ona, "kodi akujambula?"

"Kwambiri, amalume. Lero mwawaonetsa mbali yabwino."

"Nanga malipiro?"

"Musagwedezeke. Dzuwa silinalowe."

Chimbalangondo anakhala pomwepo mpaka anaonda, n'kusololoka yekha, ndipo anathawira kutali ndi manyazi osacheukanso.

Kenako dzuwa linalowadi, mdima unagwa, mphepo inalira miyezi yambiri. M'nyumba ya miyala muja tiana tinkangodya ndi kugona, kudya ndi kugona. Tsiku limene dzuwa linasuzumiranso pamwamba pa phiri, Nkhandwe anatuluka n'kuyang'ana kumbuyo. Ana ake ankatuluka mmodzimmodzi, onenepa, akukankhana pakhomo, ndipo panalibe wosowa.

Nthano yanga yafika pakhoma, kopitirira kulibe. Koma inu amene mumakhalira chakudya mnzanu akupempha, samalani tsiku limene anthu adzayambe kukuomberani m'manja. Muzicheuka kaye, muone mbali imene akuyang'ana.