Pampu Yabwinobwino Imene Anaimasula

Pamalo opopera madzi a mumzinda panali injiniya wina amene anzake ankamutcha Ndathakale, chifukwa ukamufunsa za ntchito iliyonse yankho lake linali lomwelo. Ankayang'anira mapampu atatu. Pa pampu iliyonse panali kachipangizo kojambula kunjenjemera kwake, ndipo kompyuta inkaphwanya kunjenjemerako m'tizigawo mwa njira ya masamu yotchedwa Fourier, kuti pampu yodwala idziwike isanafe.

Pulogalamu yakale inkawerengera pampu imodzi imodzi. Ndathakale anapeza mu laibulale ya mapulogalamu a sayansi chida chowerengera onse pakamodzi, ndipo anachilumikiza m'mawa womwewo.

Mayi wa masamu, amene ankakhala desiki yoyandikana naye, anasuzumira. "Achimwene, chida chimenecho chili ndi kakhalidwe kake. Mukafuna tikhale pansi tichione."

"Ndatha kale, mayi. Pampu yoyamba yatuluka ndendende ngati kale."

"Nanga enawo?"

Iye anangoseka. Kufunsa ankakuona ngati kudzivula pagulu.

Zotsatira zinaonetsa pampu yachiwiri ikudwala kwambiri, yachitatu ili phee ngati khanda logona. Ndathakale anathamangira kwa bwana wake, ndipo amakaniko anamasula pampu yachiwiri, zitsulo mbwee pansi. Mkulu wawo anabwera akupukuta manja. "Bwana injiniya, tafufuza paliponse. Pampuyi ilibe vuto."

Ndathakale anabwerera pakompyuta n'kumayang'ana mizere ya zotsatira zija ngati isintha yokha. Mayi uja anali pomwepo, koma Ndathakale sanafune kumufunsa. Anadziuza kuti mwina amakaniko sanaonetsetse.

Masana pampu yachitatu, imene tsopano inkasenza katundu wa awiri, inayamba kulira mwachilendo. Kenaka inati khoo, utsi tolo, n'kuima. Panatsala imodzi yokha. Madzi m'mathanki anayamba kutsika, foni ya bwana osapuma. Achipatala ankafunsa ngati ayimitse maopaleshoni. Nayenso mkazi wa Ndathakale anaimba: "Bambo a mwana, kuno mpopi wauma. Kwachitika chiyani kumeneko?"

Ndathakale anakaima pa desiki ya mayi uja. "Mayi, ndithandizeni. Ndasokoneza."

Mayiyo sanamunyoze. Anakoka mpando, nawerenga pulogalamuyo mwakachetechete. "Onani apa. Chida chija mukachipatsa manambala wamba, chimabweza manambala oyenda awiriawiri, ndipo mzere wa pampu iliyonse umafupika, umakhala theka la kale kuonjezapo nambala imodzi. Inu mwawerenga ngati mizere ikadali yaitali. Yoyamba inakhala bwino chifukwa ndi poyambira. Pamene mumati pachiwiri mumaona matenda a yachitatu, ndipo pamene mumati pachitatu panalibe kanthu. Bata lija linali la malo opanda kanthu."

Kukonza kunali kusintha nambala imodzi basi. Koma pampu yachiwiri inatenga mpaka mawa lake kuti aimangenso, yachitatu inaonongekeratu, ndipo anthu anagona ndi zidebe zouma. Bwana analamula kuti pulogalamu iliyonse ya Ndathakale izidutsa m'maso mwa munthu wina isanagwire ntchito, ndipo iye anavomera mutu uli pansi.

Munthu wodziwa anali naye pafupi, mkono umodzi kuchokera pampando wake. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.