Chisakasa cha a Kapitawo Yesaya

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'zaka zimene malole anali atangoyamba kunyamula anthu kupita ku Limbe, ntchito inkayenda ndi belu. Likalira m'mawa, amayi othyola masamba ankalowa m'minda madengu ali kumsana. Akadzaza, ankatuluka mondondozana kupita ku sikelo ya ku fakitale. Njira yawo inali imodzi basi, kanjira kopapatiza kotsata msewu waukulu. Mbali ino kunali msewu, mbali inayo phompho lotsikira kumtsinje.

Woyang'anira misewu ndi milatho ya pa esitetiyo anali a Yesaya, kapitawo wamtali amene anaoloka kuchokera kudziko la Apwitikizi akadali mwana. Ntchito ankaidziwa, zimenezo panalibe wotsutsa. Koma anali ndi nthenda imodzi: mawu akangotuluka pakamwa pawo ankasanduka mwala, ndipo wofuna kuwasuntha ankathyoka zikhadabo.

Dzinja lina, bwana wa esiteti anatopa ndi anthu odikira lole amene ankabisala mvula pakhonde la fakitale. Anaitana a Yesaya nawauza kuti amange chisakasa chodikiriramo m'mbali mwa msewu, pamalo alionse amene iwo awaone kuti ndi oyenera. A Yesaya anasankha pakhona, m'munsi mwa chitunda, chifukwa pamenepo pankaoneka bwino munthu ukaima pakhonde la nyumba ya bwanayo. Koma pakhonapo m'pamenenso kanjira ka amayi kankapanikizika kwambiri, moti nsanamira zinayenera kuzikidwa pakati penipeni pa kanjirako.

Anyamata a ntchito ali mkati mokumba maenje, lole ya ku Limbe inaima. Dalaivala wake anali a Mwamadi, Msilamu wa ku Chiradzulu amene ankayendetsa lole ya mmwenye wina wamalonda. Anatsika akupukuta manja pansanza, nayang'ana maenjewo.

"A kapitawo, pano ayi," anatero a Mwamadi. "Ine ndikamatsika chitunda ichi ndi katundu, lole imandikoka ngati ng'ombe yolusa. Mukatseka kanjiraka, amayi aja adzera kuti? Si mumsewu momwemu? Tsikirani pamtengo wa mbawa paja, pali bwalo loti nkuvinirapo."

Akanawakokera pambali, mwina nkhani ikanatha bwino. Koma ananena mokweza, ndipo mnyamata mmodzi anaseka. Kuseka kumeneko kunawalowa a Yesaya ngati munga wa pachidendene.

"Inu gwirani chiwongolero, ine ndigwire msewu," anayankha motero. "Ndinayamba kukumba misewu inu musanaone n'tayala lomwe. Anyamata, zikani nsanamirazo!"

Chisakasa chinamangidwa, chokongola ndithu, cha udzu wosanjidwa bwino ndi benchi ya nsungwi. Bwana anachiona ali pakhonde pake nagwedeza mutu moyamikira, ndipo a Yesaya anayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonseyo.

Amayi othyola masamba, poopa msewu, anayamba kudutsa mkati mwa chisakasacho, kulowera mbali ino nkutulukira inayo. Madengu ankakhudza denga, udzu nkumasololoka, ndipo odikira lole ankadandaula kuti akuwadonthezera madzi pazovala zapaulendo. A Yesaya atamva, anatseka mbali zonse ziwiri ndi nsungwi, nkuunjikapo minga. Kuyambira tsiku limenelo, mzere wa amayi ukafika pakhona unkatsikira mumsewu, nkuzungulira chisakasa mitima ili m'mwamba, makutu atatchera kuchitunda.

Kunyumba, akazi awo a Lestina sanagone nayo nkhaniyo. Nawonso anali othyola masamba, ndipo pakhonapo ankapadutsa tsiku ndi tsiku.

"Abambo, lero Vailet akanafa," anatero akuwapatsa madzi osamba m'manja. "Mukumudziwa, uja ali ndi pakati. Lole inatulukira iye ali mumsewu, anadziponya mungalande, dengu uko iye uko. Bondo latupa ngati dzungu. Anzanga akundiyang'ana ine ngati ndine amene ndinazika nsanamirazo."

"Wafa?"

"Sanafe, koma..."

"Ndiye aziyenda maso ali kutsogolo. Ndikazula chisakasa chija lero, mawa esiteti yonse idzati kapitawo amalamulidwa ndi dalaivala ndi akazi. Ndidzaimanso bwanji pamaso pa anyamata anga?"

"Nanga pamaso pa maliro mudzaima bwanji?" anafunsa a Lestina.

A Yesaya anakankha mbale natuluka panja. Mumtima ankadziwa kuti mawuwo anali oona, koma manyazi anali atawamanga miyendo ngati goli.

Posakhalitsa anayamba kupeza minga itachotsedwa, nsungwi zitakankhidwira pambali, ndi mapazi a anthu mkati mwa chisakasa. Akatseka, mawa lake ankapeza potsegula. Anafunsa uyu ndi uyo, koma amayi onse anali atasoka pakamwa. Ndiye analumbira kuti wochita zimenezo amugwira ndi manja awo, ndipo dzina lake lifufutidwa pa ntchito.

Tsiku limene anasankha kukabisalira wochotsa mingayo kunagwa chiperoni. Nkhungu inatsika m'mapiri nkuphimba minda yonse, moti munthu sukanazindikira mnzako ali pamtunda woti nkupatsana moni wa pamanja. Kamvula kowaza kanasandutsa msewu kukhala phala. A Yesaya anatseka mbali ziwiri zija molimba kuposa kale, nalowa m'chisakasa nkukhala pabenchi, ndodo ili pamiyendo. Odikira lole kunalibe, nyengoyo inali itawatsekereza m'nyumba.

Anamva amayi akubwera, akuimba chapansipansi nyimbo ya Chilomwe. Wotsogolera mzere atafika paminga anatambasula dzanja kuti achotse, koma anaona chithunzithunzi cha munthu mkatimo.

"Takhudza uone!" anakuwa a Yesaya.

Mayiyo anabweza dzanja ngati wagwira moto. Mzere wonse unatsikira mumsewu, madengu odzaza ali kumsana, mapazi akuterereka m'matope. A Lestina anali pakati pawo, ndipo sanawayang'ane nkomwe amuna awo.

Pomwepo kunamveka kulira kwa lole pamwamba pa chitunda.

"Lole! Lole, amayi!"

Akutsogolo anathamangira kutsogolo, akumbuyo anabwerera, apakati anawombana madengu nkugwerana. Kothawira kunalibe: kuno chisakasa ndi minga yake, uko khoma la dothi loterera. Hutala inalira mosalekeza m'nkhungumo. A Mwamadi anali ataponda mabuleki mpaka pansi, koma matayala ankangoseseleka, lole yodzaza matumba a chimanga ikutsika yokha. Nkhungu itang'ambika, anaona mulu wa amayi pakati pa msewu, ena atagwada m'matope. Kumanzere anaona chisakasa, chooneka chopanda munthu. Anapinda chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse.

A Yesaya anaona chitsulo chikuwalunjika. Anadumphira kumbali kuti atuluke, koma anakodwa m'minga imene anaunjika okha. Nsanamira zinathyoka ngati mapesi, denga linagwa, ndipo lole inaima tayala limodzi likulendewera kuphompho.

Kenaka amayi anayamba kuitanana maina, aliyense akuvomera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagundidwa. A Mwamadi anatsika magazi akuchucha pamphumi, akutchula dzina la Mulungu.

"Amuna anga ali mmenemo!" anakuwa a Lestina. "Thandizeni, ali pansi pa denga!"

Amayi omwe aja ankaopsezedwa ndi ndodo ndi amene anataya madengu nkuyamba kufukula udzu ndi manja. Anawapeza a Yesaya atapanikizidwa ndi mtanda wa denga pamwendo, nkhope itakandika ndi minga, masamba a tiyi otayika atawamatirira thupi lonse. A Mwamadi anaika phewa pansi pa mtandawo, amayi nkuwakoka a Yesaya. Maso a amuna awiriwo anakumana. A Mwamadi anangovula malaya awo nkumanga mwendowo.

Anawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala ku boma. Moyo unapulumuka, koma mwendo unapola mokhota, ndipo sanayendenso popanda ndodo. Bwana yemwe uja anayamikira chisakasa ali pakhonde anati iye sanauze munthu kuti atseke njira ya antchito ake, ndipo ukapitawo anaupereka kwa wina. A Yesaya anapatsidwa ntchito yolondera pageti la fakitale, atakhala pachitsa, kutsegulira anthu amene kale ankanjenjemera akamva mawu awo. Vailet atabereka, anadutsa pagetipo mwana ali kumsana, nawapatsa moni mwaulemu wonse. A Yesaya anayankha maso ali pansi, ndipo moni umenewo unawapweteka kuposa mwendo.

Anachenjezedwa ndi mlendo, anachenjezedwa ndi wa m'nyumba mwawo, ngakhale bondo la mayi woyembekezera linawachenjeza, koma iwo anakakamira ngati kambozi kokana kugwa pamene ndiwo zikukung'unthidwa. Akuluakulu sananame pamene anati: chosamva adachiphikira m'masamba.