Mbale Imene Sinawoloke Bua

Kalekale, agogo a agogo anu akadali anyamata, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Chatsalira, wa mfunda wa Chisale. Ameneyu ndiye kholo lathu. A Chatsalira anagwirapo ntchito ya ukhukhi ku Halale, m'nyumba ya azungu, ndipo pobwerera kuno anatenga zinthu ziwiri: luso la kuphika ndi mtima wokonda dongosolo. Dongosolo, ana anga, dongosolo! Supuni pamalo pake, mwana pamalo pake, mawu pamalo pake. Ndiwo anayambitsa m'mudzi muno kudya mpunga ndi nyama ya mbuzi pa Khirisimasi, ndipo phwandolo analilumikiza ndi chidyerano.

Ndifotokoze kaye za chidyerano, pakuti ambiri a inu mwakulira m'tauni. Chidyerano ndi mwambo wakale kwambiri. Nyumba iliyonse imaphika zake, kenaka onse amatengera pamalo amodzi nadyera pamodzi. Nzeru yake inali yakuti wopanda ndiwo abisale pakati pa amene ali nazo. Koma a Chatsalira, chifukwa cha dongosolo lija, anawonjezapo lamulo lawo: aliyense wofika pa mphasa ya Khirisimasi azitula mbale yake pamaso pawo, anthu onse akuona. Wobwera chimanjamanja analibe malo. Kodi mukuona mmene chinthu chopangidwira kubisa umphawi chinasandukira chouwulula?

Tsono a Chatsalira anali ndi mlongo wawo, Nachisale, ndi mng'ono wawo, Lufeyo. Lufeyoyu anapita ku migodi ya ku Joni ndevu zisanamere, ndipo anasanduka mtchona, ndiko kuti munthu wopita kunja kukagwira ntchito n'kukhalitsa komweko, osabwerera, osatumiza ngakhale moni. Mayi awo anadwala, Lufeyo kulibe. Anamwalira, Lufeyo kulibe. Tsiku la kumeta, pamene abale onse amameta tsitsi potsiriza maliro, mutu umodzi unasowa. Tsiku limenelo a Chatsalira analumbira pamaso pa mbumba yonse kuti, “Akadzabwera, adzalowe yekha ndi miyendo yake, nkhuku yopepesera ili m'khwapa, adzalire maliro a mayi ake pakhomo pano. Ndipamene ndidzamupatse dzanja.”

Zaka zinapita. Inafika Khirisimasi ina, chimanga chili m'mawondo, makasu atapumula, mango akugwa okha. Anthu atabwera ku tchalitchi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mkuyu. Mbuzi inali pamoto, thobwa lili m'mitsuko, masikono a Chatsalira akununkhira mudzi wonse. Pamenepo anatulukira Mkanthama, msuweni wawo wa kutsidya kwa mtsinje wa Bua, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

Apanso ndiime pang'ono. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali ako, ndipo pakati pa asuweni pali ufulu wa nthabwala umene palibe wina ali nawo. Msuweni akhoza kukutukwana pagulu, akhoza kugwira nkhuku yako naipha, akhoza kulengeza maliro ako iwe uli moyo, ndipo sungamuimbe mlandu. Pa luso limeneli Mkanthama anali katswiri.

“Odi kuno kwa akhukhi!” anafuula Mkanthama. “Kodi chaka chino mpunga wapsa, kapena mwaupserezanso?”

“Lowani, afisi a kutsidya,” anayankha a Chatsalira. “Mphuno yokhayo Mulungu anakupatsani. Nanga mbale yanu ili kuti?”

Anthu anaseka, koma Mkanthama sanapitirize. Anawakokera a Chatsalira kuseri kwa nkhokwe nalankhula motsitsa mawu.

“Chisale, Lufeyo ali kwathu. Anafika dzana, wapansi. Alibe sutikesi, alibe njinga, alibe ngakhale chipewa. Chimene wabwera nacho ndi chifuwa chokha, chija cha m'migodi, ndipo akakhosomola akulavula magazi. Akuti sangalowe m'mudzi chimanjamanja tsiku la chidyerano, maso onse ali pa iye. Tiye ukamutenge.”

A Chatsalira anaseka kuseka kouma. “Chaka chatha unati ng'ombe yanga yatitimira m'dambo. Ndinathamanga wopanda malaya, iwe n'kutsala ukudya chiwindi changa. Lero wabwera ndi Lufeyo?”

“Lero si chisuweni, Chisale. Tandiyang'ana.”

Nachisale, amene ankatunga thobwa chapafupi, anamva zonse. Anasiya chikho mumtsuko, nabwera kudzagwada.

“Achimwene, ngakhale litakhala bodza, titayapo chiyani? Madzi ali m'mawondo. Pitani, mubwerako mpunga usanazizire.”

“Mlongo wanga,” anatero a Chatsalira, “kodi wamkulu ndani, ine kapena iye? Madzi saiwala khwawa. Njira ya kwawo akuidziwa. Miyendo imene yamuchotsa ku Joni singalephere kuwoloka Bua.”

“Ndi mwana wa mayi anu ameneyo.”

“Mayi amene sanawaike.”

Kodi mukuganiza kuti a Chatsalira sanakhulupirire? Anakhulupirira, ana anga. Anaona maso a Mkanthama, ndipo anadziwa. Koma analumbira pagulu, ndipo lamulo la mbale linali lawo lomwe. Kuti apite, anayenera kumeza mawu awo awiri tsiku limodzi, mbumba yonse ikuona. Choncho anabisala kumbuyo kwa chisuweni, monga munthu amabisala kumbuyo kwa chitseko chimene akudziwa kuti n'chong'ambika.

Mkanthama anatembenuka nalunjika njira ya kumtsinje. Anadutsa pafupi ndi mbuzi yowotchayo osatambasula dzanja. Msuweni kusiya nyama! Munamvapo zotere?

Phwando linapitirira. Mbale zinatulidwa mwadongosolo, nyumba ndi nyumba. Galamafoni inalira, anyamata anavina, amayi analulutira. A Chatsalira anagawa nyama monga mwa masiku onse, koma m'kamwa mwawo mpunga unali ngati mchenga. Akayang'ana kumanzere, ankaona Nachisale atakhala payekha, chakudya chili pamiyendo osachikhudza, nkhope italoza ku njira. Akayang'ana kumanja, ankaona mwendo wa mbuzi umene Mkanthama ankalanda chaka chilichonse uli pomwepo, ntchentche zikuuzungulira. Kumwamba kunali kowala, dontho la mvula silinagwe m'mudzi muno tsiku limenelo. Koma kutali kumadzulo, kumene Bua amachokera, mitambo inali itada bii.

Dziwani ichi, pakuti ndi nzeru ya aliyense wokhala m'mbali mwa mtsinje: mtsinje sudzaza ndi mvula ya pakhomo pako. Umadzaza ndi mvula imene yagwa kwa anthu ena, kumapiri amene sukuwaona. A Chatsalira ankadziwa zimenezi kuyambira ubwana. Tsiku limenelo anaziiwala.

Dzuwa litapendeka, mtima unawakanika. Anaimirira, natenga mbale yawo yadothi loyera imene anabwera nayo ku Halale, naikamo mpunga ndi chiwindi, naimanga m'kansalu. Sanatsanzike munthu. Nachisale yekha ndiye anawatsatira.

Asanauone mtsinje anayamba kuumva. Pamene m'mawa panali madzi a m'mawondo, tsopano panali chimadzi chofiira, cholusa, chonyamula mitengo ndi mizu yomwe. Padooko, mwini bwato anapukusa mutu. “Bambo, ngakhale mutandipatsa ng'ombe. Lero Bua sawolokeka.”

A Chatsalira anaima pamtunda nayamba kukupiza chipewa. Amayi ena a kutsidya anawaona, nathamangira kumudzi. Patapita kanthawi anatulukira Mkanthama atabereka munthu kumsana monga mwana. Anamutsitsa m'mphepete mwa madzi. Ana anga, Lufeyo amene anachoka kuno ali ndi mapewa ngati a ng'ombe yapagoli anali ataonda ngati bango.

“Lufeyo!” anafuula a Chatsalira. “Mng'ono wanga! Bwera kwanu! Palibe mlandu!”

Madzi anameza mawuwo. Anafuulanso, madzi anameza. Anafuula mpaka mawu anasasa, madzi anameza. Kutsidyako Lufeyo anaika dzanja kukhutu, napukusa mutu. Kenaka anagwada m'matope, nawomba m'manja mwaulemu, naika manja kumutu. Pakamwa pake panali potseguka, ndipo ngakhale kuti sankamveka, Nachisale anazindikira.

“Achimwene,” anatero akulira, “akulira maliro a amayi.”

A Chatsalira anakweza mbale ija m'mwamba ndi manja awiri kuti mng'ono wawo aione. Kodi munthu angachitenso chiyani ndi mbale ya mpunga pamene pakati pali mtsinje?

Mvula ya kumtunda sinaleke sabata imeneyo. M'mawa uliwonse a Chatsalira ankapita kukayang'ana madzi, koma Lufeyo sanatulukirenso. Chaka chatsopano chitayandikira madzi anatsika pang'ono, ndipo iwo anawoloka, madzi ali m'chifuwa, mwini bwato akuwaletsa. Atangokwera mtunda wa kutsidya anamva amayi akulira. Lufeyo anali atatsikira kulichete m'bandakucha wa tsiku lomwelo.

Mkanthama anawachingamira panjira. A Chatsalira anamugwira dzanja nafunsa funso limodzi lokha.

“Kodi anamva zimene ndinanena pamtsinje paja?”

Mkanthama, munthu amene moyo wake wonse ankanama mosavuta, tsiku limenelo analephera kunama.

“Sanamve, Chisale. Anandifunsa kuti, ‘Achimwene akuti chiyani?’ Inenso sindinamve bwino, koma ndinamuuza kuti ukuti abwere kwawo, palibe mlandu. Iye anamwetulira, n'kunena kuti, ‘Iwe Mkanthama, ndi chisuweni chakocho.’”

A Chatsalira anakhala pansi pomwepo, m'matope a panjira, munthu wa dongosolo uja, ndipo analira monga sanalirepo ngakhale pa maliro a mayi awo. Mtembo anauwolotsa pa bwato, nauika pafupi ndi manda a mayiwo. Umo ndi mmene Lufeyo analowera m'mudzi wa kwawo.

Khirisimasi yotsatira, a Chatsalira anaimirira pansi pa mkuyu nathetsa lamulo la mbale ndi pakamwa pawo. M'malo mwake anaika lina, limene tikusunga mpaka lero. Mbuzi siphedwa mpaka wamkulu wa banja atayenda kukafika kwa m'bale aliyense amene akusowa: wokwiya, wamanyazi, wodwala, wolakwa. Satuma mwana, satuma msuweni, amapita yekha, m'mawa, kuti woitanidwayo amve ndi makutu ake kuchokera pakamwa pa mwini mawu. Ndipo wofika pa mphasa yathu safunsidwa chimene wanyamula. Ukulu, ana anga, si kukhala pampando kudikira kuti akupepese. Wamkulu ndi amene amayamba kunyowetsa mapazi.

Tsono yang'anani pa bwalo pano, muone nkhope ndi nkhope. Ndani sanafike chaka chino? Musachite manyazi, mutchuleni dzina. Wamkulu wotsala ndine, ndipo mawa ndilawirira madzi akadali m'mawondo.