Tsiku Limene Njiri Anasintha Mzere

Kalekale, vomerani kuti tili tonse, nyama zisanaleke kuyankhula, kudambo la Nsenjere kunali timu ya mpira wamiyendo. Inkavala zobiriwira. Sinali timu yoopsa, tisanamizane, chikho inali isanachigwirepo n'kamodzi komwe. Koma nyama za kudamboko zinkaikonda ngati mwana wobadwa yekha, ndipo tsiku la mpira ngakhale wodwala ankadzuka pamphasa.

Mtsogoleri wa ochemerera anali Njiri. Mpira sankautha, akati amenye ankamenya dothi. Koma ng'oma! Akaigunda, mchira uli njo m'mwamba, bwalo lonse linkatekeseka. Nyimbo za timu ankapeka ndi iyeyo, ndipo palibe chimene chinkamukomera m'khutu kuposa kumva nyama zikuti, "Popanda a Njiri palibe mpira."

Njiriyo anali ndi bwenzi la ponda apa nane ndipondepo, dzina lake Nanzikambe. Ameneyu anakhala wothandizira mphunzitsi wa timu, a Njati, kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala pakamtengo pambali pa benchi, diso lina lili kwa omwetsa zigoli, lina lili kwa otchinga kumbuyo. Ndiye anaona kuti Gwape, katswiri wa zigoli, amatsimphina mwendo wamanzere akathamanga nthawi yaitali. Ndiye anaona kuti goloboyi Pusi dzuwa likapendeka limamuthobwa m'maso. Akaona, ankanong'oneza a Njati, a Njati n'kukuwa ngati nzeru zawo.

Mukudziwa kuti nanzikambe amasintha mtundu. Koma uyu, chilowereni timu ija, anangokhala wobiriwira. Ngakhale m'chilimwe, udzu utauma, tchire lonse lili mbuu, iye ankaonekera patali ngati tsamba la mpiru.

"Achimwene, sinthani mtundu," Njiri ankamuchonderera. "Kabawi adzakutolani."

"Jezi savula chifukwa cha kabawi," ankayankha Nanzikambe.

Panali kanthu kamodzi kokha pakati pawo. Tsiku lina mpira uli m'kati, Nanzikambe ananena pagulu kuti, "A Njiri, adani akamamenya kona, ng'oma muziyamba mwaileka. Anyamata sakumumva goloboyi." Njiri anamvera, koma mawuwo anamulasa ngati munga, ndipo sanauzule.

Kenaka a Njati anakalamba. Anaitana nyama zonse n'kunena kuti, "Mawondo andikana. Sankhani wina."

Tsono kudamboko kunali mwambo wake wosankhira. Opikisana ankaima moyang'ana chulu, atafulatira gulu, ndipo aliyense ankakafola kumbuyo kwa amene wamukonda. Kucheuka kunali koletsedwa, kuti chisankho chikatha pasakhale chidani. Wowerenga mizere anali Nang'omba, mbalame yosadziwa kuseka.

Ofuna mpandowo anali awiri. Wina Nanzikambe. Wina Nyani, amene anali atangobwera kumene kuchokera kufupi ndi tauni, kumene ankaonerera mpira wa anthu ali mumtengo. Anabwera ndi jekete lothina m'khwapa ndi wezulo, zonse zakuba. Nyama zinagwirizana kuti ochemerera akambirane masiku atatu patsinde pa mkuyu, lachitatulo masana n'kusankha.

Tsiku loyamba anayambitsa ndi mayi Nkhanga, amene pakamwa pawo sipankatera ntchentche.

"Tandiuzani anzanga, mphunzitsi wanji woti pochoka pabenchi kukafika pamzere, woimbira n'kuti atathetsa mpira?"

Nyama zinafa nacho chiseko. Njiri anadzuka.

"Mayi, mphunzitsi sathamanga. Othamanga ndi osewera. A Njati munawaonapo akuthamanga?"

"Zoona! Zoona!" zinavomera nyama zina. Njiri anakhala pansi mtima uli m'malo.

Tsiku lachiwiri mayi Nkhanga anabwera ndi ina.

"Nanga mawu? Nanzikambe akayankhula amamumva ndani? Mpira si maliro oti tizinong'onezana."

Pamenepo Nyani analumphira panthambi n'kuliza wezulo. Mbalame zinabalalika mumkuyumo.

"Timu iyi ikufunika folo-folo-thu!" anakuwa Nyani. "Kutauni onse akumenya folo-folo-thu!"

Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti folo-folo-thu n'chiyani, kaya ndi mankhwala kaya ndi chakudya. N'chifukwa chake anaomba m'manja kwambiri. Njiri anayesa kunena za mwendo wa Gwape, koma mawu ake anamira m'phokosomo, ndipo sanabwerezenso.

Pobwerera kwawo, Nanzikambe atakwera pamsana pa mnzakeyo monga mwa masiku onse, anafunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, ine kulankhula pagulu sinditha. Ndingofunsa inu nokha. Mawa kumbuyo kwanga mudzakhalako?"

"Mukundifunsa ine zimenezo?" anatero Njiri. "Ndikapanda kuima kumbuyo kwanu, ndidzadye chogwada moyo wanga wonse!"

Ana inu, malumbiro si chinthu choseweretsa.

M'mawa wa tsiku lachitatu, Njiri ali kuwamba ng'oma yake pamoto kuti ilire bwino, anangoona Nyani watulukira.

"Bwana Njiri, ng'oma ngati iyi ngakhale kutauni kulibe. Koma ndamva zoti pali wina amene amakuletsani kuimba. Pagulu! Munthu wamkulu ngati inu!" Nyani anapukusa mutu. "Ine ndikalowa, ng'oma sidzaleka kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Ndipo mudzakhala pabenchi, pambali panga."

Njiri anapitiriza kuwamba ng'oma yake. Koma munga uja unatakasika.

Patsinde pa mkuyu mayi Nkhanga anali atasunga yaikulu.

"Nanzikambe alibe mtundu! Lero wobiriwira, mawa mudzamuona atafiira ngati a timu ya Kuchigwa. Tipereke timu yathu kwa wosadziwika mbali?"

Apa ndiye pamene Njiri akanayankhula. Ndani ankadziwa za kabawi kuposa iye? Ndani ankamva mawu aja akuti jezi savula? Nyama zinatembenukira kwa iye kudikira. Iye anawerama n'kumakonza chingwe cha ng'oma chimene sichinamasuke n'komwe.

Dzuwa lili paliwombo, Nang'omba anaitana. Nyani anaima kuyang'ana chulu. Nanzikambe anakwera pachitsa, nayenso kuyang'ana chulu. Nyama zinayamba kufola. Njiri anakaima kumapeto kwa mzere wa mnzake, monga analonjezera.

Ataponya maso, anaona mizere ikulingana. Koma wa Nyani unali wa chisangalalo, kuvina, fumbi lili koboo, ndipo nyimbo imene ankaimba inali yopeka iye mwini. Mzere wa Nanzikambe unali zii, wa nkhalamba ndi osewera amene ankangoyang'ana pansi.

"A Njiri, nyimbo yanu ikusowa ng'oma kuno!" anakuwa mayi Nkhanga.

Mtima wa Njiri unayamba kumunamiza. Unati, mmodzi yekha angasinthe chiyani? Unatinso, adzadziwa ndani, poti kucheuka n'koletsedwa? Anatsitsa mchira, n'kuzembera kumbuyo kwa Nungu, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Basi, anali mumzere wa Nyani.

Nang'omba anawerenga, n'kubwerezanso, n'kubwerezanso kachitatu.

"Nanzikambe, makumi anayi. Nyani, makumi anayi ndi mmodzi."

Gulu linamunyamula Nyani m'mwamba. Njiri anazemba pagulupo. Anathamangira kuchitsa kuja nkhope ataikonza ngati ya pamaliro.

"Pepani achimwene. Tayesetsa, koma atiposa ndi mmodzi."

Nanzikambe sanatembenuke. Diso limodzi lokha ndilo linazungulira pang'onopang'ono mpaka linaima pa Njiri.

"Mutu sindinautembenuze, mwambo ndausunga. Koma diso langali mwaliiwala, achimwene? Lomwe lija mumalitama kuti limaona kumbuyo?" anatero Nanzikambe. "Munadutsa kuseri kwa Nungu, mchira mutautsitsa."

Anatsika pachitsapo n'kuyamba ulendo wolowera kutchire.

Ndipo chimene chimandiwawa ine pa nthano iyi ndi ichi. Nanzikambe sathamanga. Anayenda masana onse akuonekabe, kadontho kobiriwira pa udzu wouma, phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, ngati akudikira wina amuitane. Njiri akanangoyenda mapazi khumi akanamupeza. Koma manyazi anamugwira miyendo, kwinaku gulu likuitana ng'oma. Anati ndikapepesa mawa. Ananyamula ng'oma yake n'kupita kukavinitsa anzake.

M'mawa mwake kadontho kaja kunalibe.

Mpira woyamba, Gwape anayamba kutsimphina chigawo chachiwiri chitangoyamba. Anakweza dzanja kupempha kutuluka. Nyani analiza wezulo ali pabenchi n'kukuwa, "Folo-folo-thu! Thamanga!" Gwape anathamanga mpaka mwendo unati thyo. Timu inagonja ndi zigoli zitatu, ndipo Gwape sanaugundenso mpira moyo wake wonse.

Mpira wachiwiri, Nyani anasankha mbali mosayang'ana kumwamba. Chigawo chachiwiri dzuwa linali m'maso mwa Pusi. Anamwa zisanu, zina akungomva ukonde ukugwedera kumbuyo kwake.

Mpira wachitatu unali wa adani enieni, ofiira a Kuchigwa. Tsiku limenelo anyamata anadzipereka, ndipo mpaka kumapeto panalibe wochinya mnzake. Njiri anali pabenchi monga Nyani anamulonjezera, ng'oma ili pakati pa miyendo. Mphindi yomaliza a Kuchigwa anapeza kona.

"Gundani, bwana Njiri! Gundani!" anatero Nyani.

Njiri anagunda. Mpira unabwera m'mwamba. Pusi anakuwa kuti, "Usiyeni, ndi wanga!" koma ndani akanamumva? Mbawala, wotchinga kumbuyo, analumpha nthawi yomweyo, awiriwo anagundana mitu, mpira n'kumenya nyanga ya Mbawala n'kulowa m'golo lawo lomwe.

Bwalo linati zii. Chimene chinkamvekabe ndi ng'oma yokha, chifukwa manja a Njiri anachedwa kumva zimene maso anaona. Ataleka, anakumbukira mawu aja anamupweteka, ndipo anazindikira kuti sanali achipongwe. Anali a mpira basi.

"Achoke! Achoke!" nyama zinayamba kukuwa. Nyani sanadikire kachiwiri. Anathawira kuphiri, jekete n'kulisiya pa minga, ndipo mpaka lero akadali komweko kukalipira osewera amene kulibe.

Nyama zinakumananso patsinde pa mkuyu. Mayi Nkhanga ndiwo anayamba.

"Ine ndinanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dolo ndi Nanzikambe. Ine ndinaima kumbuyo kwake."

"Inenso!" "Inenso!"

Nang'omba anawerenga onena inenso, anakwana makumi asanu ndi atatu. Anangopukusa mutu. Njiri yekha ndiye anakhala chete.

"A Njiri, si bwenzi lanu kodi? Pitani mukamutenge," zinatero nyama.

Njiri anasiya ng'oma pansi n'kunyamuka. Mumtima ankati sizivuta, m'chilimwe muno chobiriwira chimaonekera patali. Anayenda tsiku loyamba, sanaone chobiriwira. Anayenda lachiwiri, sanaone chobiriwira. Lachitatu, miyendo italema, anafika pachitsamba china chouma n'kugwada.

"Achimwene, ngati muli pafupi ndimvereni. Ndine ndinasintha mzere. Mmodzi uja ndine. Gwape walumala chifukwa cha ine. Bwererani, timu ikukufunani. Ng'oma ndidzaileka nthawi iliyonse mungandiuze."

Kenaka m'chitsambamo munatuluka mawu aang'ono, opanda mkwiyo.

"Mukufuna wobiriwira uja? Jezi anaivula, achimwene. Anaivala zaka zisanu ndi zinayi osaopa kabawi. Chimene chinamuvula ndi mapazi anu atatu aja."

Njiri anadzutsa mutu. Anayang'ana nthambi iyi, anayang'ana iyo. Zonse zinali zotuwa, zonse zofanana. Anaitana, anaitananso, analira mpaka mawu anasasa, koma sanayankhidwenso.

Timu ya Nsenjere inatha chaka chomwecho. Pabwalo panamera udzu, mitengo ya golo inadyedwa ndi chiswe, ndipo ng'oma ija inang'ambika ndi mvula patsinde pa mkuyu. Nanzikambe kuyambira pamenepo alibenso timu. Akakhala pa tsamba amakhala tsamba, akakhala pa khungwa amakhala khungwa.

Koma Njiri sanaleke kufunafuna. Poti sadziwa chitsamba chimene muli mnzake, amagwada pa chilichonse. Mukadzamuona kutchire akudya mawondo ali pansi, mphuno ili m'dothi, musadzamuseke. Malumbiro ake aja ndiwo anamupeza, ndipo akupepesabe.

Phunziro lake nali, ana inu. Posankha mtsogoleri musatsate mzere umene kuli phokoso, tsatani amene mukudziwa ntchito zake. Ndipo mukalonjeza mnzanu kuti muima kumbuyo kwake, imani pomwepo ngakhale mukuganiza kuti sakuonani. Mukalakwa, pepesani akuonekabe, chifukwa madzi akatayika saoleka.

Yanga yathera pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule, ngati sinapserere kale.