Apongozi pa Khomo la MR2 ya Hopewell

Loweruka lililonse masana, ntchito ikatha m'mafakitale a ku Malaga, dera la mumzinda wa Perth, Hopewell Msaiwale ankavula magolovesi ake owotcherera zitsulo n'kuwolokera ku galaja ya Chitalu, nyumba yachitatu kuchokera pamene ankapanga matirela. Sankapitako kukathandiza ayi. Ankapita kukaphunzitsa makaniko umakaniko. Chitalu, mkulu wokulira ku Matero mu Lusaka, anali atakonza galimoto za mtundu wa MR2 kwa zaka khumi ndi zisanu, tigalimoto ta mipando iwiri tija timene injini imakhala kumsana kwa woyendetsa m'malo mokhala kutsogolo. Hopewell anali atakhala ndi yake zaka ziwiri zokha, koma mukanamumva akulankhula mukanati anaijambula ndi iyeyo.

Mtundu umenewu uli ndi mibadwo itatu, ndipo Loweruka lina yonse inakumana pabwalo la galajayo. Ya Chitalu inali ya m'badwo woyamba, ya m'ma 1980, yamakonamakona ngati bokosi la machesi, ndipo mwini wake sanaisinthepo kanthu kupatula mafuta ndi matayala. Ya m'badwo wachitatu, ya denga lansalu lotsegula, inali ya kasitomala wina. Pakati pa ziwirizi panaima ya Hopewell, ya m'badwo wachiwiri, yofiira, yokhala ndi tebo, chipangizo chija chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu zichuluke.

"Yanuyi ndi agogo, ikungofunika ndodo," anatero Hopewell akugogoda galimoto ya Chitalu ndi chala. "Iyo ya nsaluyo ndi yopitira ku saluni. Mphamvu ilibe, buti ilibe. Munthu wanzeru angagule galimoto yoti ngakhale kathumba ka ufa sikalowa?"

Chitalu anapukuta manja pa ovololo. "Boyi, iliyonse banaipanga na nzelu yake. Yanga ni yopepuka, siifuna mphamvu zambili. Ija ya third ni yosewelela pa makona. Manje yako ndiye ili na vonse, mphamvu na buti. Uisiye chabe mwamene ilili."

"Ndikudziwa," anatero Hopewell. Mawu amenewa kwa iye anali ameni wa kutchalitchi. Akawatchula, ndiye kuti nkhani yatha.

Sanaisiye. Mphamvu zimene inali nazo zinamuchepera, choncho anagula tebo yaikulu, ndipo poti tebo yaikulu imatenthetsa mpweya, panafunikanso choziziritsira chachikulu. Malo ake anawapeza mu buti yomwe ija ankanyozera nayo anzake. Anaiboola pansi n'kudzazamo mapaipi. Kutsogolo, kumene kunkakhala tayala la sipeya, anaikako chisipika. Eyakoni anaizula ati imalemetsa galimoto, kuno ku Perth kumene dzuwa la Januwale limasungunula phula pamsewu. Kenaka galimotoyo anaitsitsa pansi mpaka chikhatho sichinkalowa kunsi kwa bampa.

Chomaliza ndicho chinali kunyada kwake. Kuwotcherera ankakutha, tisamunamizire, ndiye anapanga khola la zitsulo m'kati monga amachitira pa galimoto za mpikisano, ndi mipiringidzo iwiri yopingasa pa khomo lililonse. Mipando yofewa anaichotsa n'kuikamo ina yopapatiza, yakuya ngati ndowa, yoyezera m'chiuno mwa iye mwini, munthu wowonda ngati bango. Mpikisano umene ankaukonzekerawo palibe anauonapo. Galimotoyo inkangoyenda pakati pa kunyumba kwake ku Morley ndi kuntchito ku Malaga ikubangula pa maloboti.

"Manje munthu azangena bwanji umu?" anafunsa Chitalu atasuzumira.

"Ine ndimalowa."

"Iwe weka?"

"Ndikudziwa zimene ndikuchita, mudala."

Hopewell anali ndi chibwenzi cha zaka zitatu, Sellina, namwino pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Maddington. Akwawo kwa mnyamatayo anali atapita kale ku Dedza kukafunsira mbeta, koma amalume ake a Sellina, a Kenani, anakana kutchula tsiku la chinkhoswe. Anati sangapereke mwana wa mlongo wawo kwa munthu amene amangomuona pa foni, nkhope yokhayokha yopanda miyendo. Anatuma mlongo wawoyo, mayi Annastazia, mphunzitsi wopuma pantchito, kuti akamuone mkamwiniyo ndi maso awo. Akadzati eya, chinkhoswe chichitika chaka chomwecho. Akadzati ayi, nkhani yathera pomwepo. Hopewell ankazidziwa zimenezi, ndipo Sellina ankamufunadi ndi mtima wonse. Vuto lake linali lakuti ankayesa kuti kufuna chinthu n'chimodzimodzi n'kuchisamala.

Ndege ya mayiwo inali yofika Lachinayi masana, tsiku limene Sellina analephera kusinthitsa shifiti chifukwa anamwino anali operewera.

"Hope, utenge galimoto yangayi, ine ndikwera sitima," anamuuza Lachitatu. "Amayi akubwera ndi masutikesi awiri akuluakulu. Ndiponso mwambo ukuudziwa, sungakhale ndi apongozi mawondo kugundana. M'yangayi akhala kumbuyo mwaulemu wawo."

"Ndikawatenge pa kagalimoto ka manesi? Akaone ngati mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wobwereka? Ayi. Apongozi aone chimene manja angawa apanga."

"Nanga katundu?"

"Ndikudziwa, Sellina. Zonse ndaziganizira."

Palibe chimene anaganizira. M'mutu mwake munali chithunzi chimodzi chokha, cha mayi wa ku Dedza atagwira pakamwa poona galimoto yofiira ikunyezimira. Chitalu atamva za ulendowu anamupatsa makiyi a vani yake, koma Hopewell anawabweza akuseka, n'kupita kukagula polishi.

Lachinayi linacha ndi dzuwa lokwiya. Pofika masana kutentha kunali kutapitirira madigiri makumi anayi, ndipo Hopewell, atavala jekete m'galimoto yopanda eyakoni, anafika pa eyapoti thukuta lili kamukamu. Bampa inakhula pa hampu ya polowera, iye n'kutsika kukaiona ngati mwana wavulala. Komabe moni anapereka bwino. Mayi Annastazia atatulukira, mayi wathupi, waulemu wake, atavala chilundu chatsopano, Hopewell ananjuta, nawomba m'manja mwakachetechete, maso ali pansi.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Tayenda bwino, bambo, kaya inu kuno?"

Mayiwo anamwetulira, ndipo zinaoneka kuti mnyamatayo wawasangalatsa. Akanakhala kuti anabwera wapansi tsiku limenelo, bwenzi lero ali pabanja.

Atafika pamalo oimika galimoto, Hopewell anaima pambali pa MR2 yake n'kuyamba phunziro. Anafotokoza za m'badwo woyamba ndi ukalamba wake, za wachitatu ndi ulesi wake, za wachiwiri ndi ufumu wake, ndi za tebo imene anaimanga yekha. Munthu woti wakhala m'ndege usana ndi usiku anaima padzuwa akumvetsera mpaka kuleza mtima kunatha.

"Zikomo, bambo, tamva. Tsegulani kumbuyoko tiike katundu."

Iwo eni anagwira chivundikiro choyamba. "Pepani amayi, mmenemo ndi mwa injini." Mayiwo analoza chachiwiri. Hopewell anatsegula monyinyirika, n'kuoneka mapaipi okhaokha. Anazungulira kutsogolo, n'kupezako chisipika chitadzaza malo onse.

"Nanga katundu amakhala pati?"

"Sutikesi imodzi muikhazika pamiyendo, amayi. Inayo ndidzaibwerera."

"Chabwino," anatero mayiwo, mawu atayamba kuzizira.

Hopewell anatsegula chitseko. Mipiringidzo ija inali chopingasa pofika m'mawondo, ndipo mpando unali pansi penipeni kuseri kwake. Kuti munthu alowe anayenera kukweza mwendo pamwamba, ndipo uyu anali mayi wovala chitenje, pamaso pa mkamwini. Mayiwo anayang'ana zitsulozo.

"Tayang'anani kumbali, bambo."

Hopewell anatembenuka. Kumbuyo kwake anamva kupuma kwamphamvu, kenaka kulira kwa nsalu ikung'ambika, kenaka mawu otsika akuti, "Mayo!" Atacheuka anapeza apongozi ake atakanirira. Chiuno chinali chitakana kulowa mumpando uja, mwendo umodzi uli m'kati wina uli panja, chitenje chitakodwa pa chitsulo n'kung'ambika mpaka pabondo. Chitsulocho chinali chitakhala padzuwa, ndiye chinkawawotcha pakatumba. Kulowa sankatha, kutuluka sankathanso.

Apa ndiye mwambo uja anaunyoza unamugwira pakhosi. Mkamwini sagwira thupi la apongozi. Hopewell anatambasula manja n'kuwabweza, anawatambasulanso n'kuwabwezanso, akungozungulira chitseko pakamwa pali yasa. Amene anathandiza anali mayi wina wachizungu wodutsa ndi mwamuna wake. Anasiya katundu wawo, nagwira mayi Annastazia wina mkono uwu wina uwo, n'kuwasolola anthu akuonerera.

Mayiwo sanakalipe. Anathokoza azunguwo m'Chingerezi chabwino cha mphunzitsi, anamanganso chitenje chong'ambikacho mobisa bondo, n'kukhala pa sutikesi yawo.

"Ndiitanireni takisi."

"Amayi, vuto ndi kalowedwe chabe. Mumayamba kugwira chitsulo chapamwambachi, kenaka mwendo. Ndikudziwa kuti koyamba kumavuta, koma..."

"Ndaona kuti mumadziwa zambiri, bambo. Takisi."

Ulendo wa ku Maddington unayenda motero, takisi patsogolo itanyamula apongozi ndi masutikesi awo onse awiri, MR2 pambuyo ikubangula, itanyamula mwini wake yekha. Mphamvu zonse zija za tebo yaikulu zinathera potsatira takisi yoyenda mwaulemu.

Sellina anaweruka cha m'ma folo n'kupeza mayi ake atasamba, akudzola mankhwala pa bala la pakatumba. Hopewell anali atakhala pakhonde, ndipo poti zenera linali lotsegula, ankamva zonse. Ankayembekeza kumva za chitenje kapena za manyazi a pa eyapoti, ndipo anali atakonza kale mayankho ake. Mayiwo sanatchule zimenezo n'komwe.

"Mwanawe, iwe m'galimoto muja umakhala pati?"

Mayiwo anabwereza mokweza mawu.

"Ndikufunsa iwe, Sellina."

"Sindinakweremo chichokereni Epulo, amayi. Mpando uja sindikwanamo. Tikamapita kutchalitchi aliyense amayendetsa yake."

"Miyezi isanu ndi inayi munthu akuyeza zitsulo ndi tepi, iwe osakuyeza ngakhale ndi diso?"

"Ndinamuuza kangapo. Ankati akudziwa."

"Ndipatse foniyo, ndiwauze amalume ako kuti ndafika."

Hopewell anamva foni ikuitana ku Dedza. Tsopano mantha anamugwiradi, mantha enieni, koma anali atachedwa nawo.

"Achimwene, ndafika bwino. Anthu aja musawapatse tsiku. Mnyamatayo ulemu ali nawo, ntchito ali nayo, manja aluso ali nawo. Koma malo a munthu wachiwiri alibe."

Hopewell anadikira kuti Sellina amuikire kumbuyo, monga ankachitira nthawi zonse anthu akamamunena kutchalitchi. Sanamve kanthu. Patapita kanthawi mtsikanayo anatuluka, akadali mu yunifomu, maso ali ofiira, n'kuima pakhomo.

"Sellina, tamvera," anayamba Hopewell ataimirira. "Zitsulozo si nkhani. Loweruka lomweli ndizidula zonse, mipando yakale ndibwezeramo. Ndi ntchito ya ola limodzi basi."



"Ola limodzi?" anafunsa Sellina motsitsa mawu. "Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikukutsatira pambuyo pa galimoto yanga, chimene chinkasowa linali ola limodzi lokha?"

 Sellina analowa m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Loweruka lake anapitadi ku galaja ya Chitalu ndi makina odulira zitsulo. Ntchitoyo sinakwane ndi ola lomwe. Chitalu anamugwirira mipiringidzo ikamagwa. Hopewell anabwezeramo mipando yofewa, anajambula chithunzi n'kutumiza kwa Sellina. Yankho silinabwere. Mayi Annastazia anakhala ku Perth masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lobwerera amene anawaperekeza ku eyapoti ndi mwana wawo, atakhala kumbuyo mwaulemu wawo. A Kenani anatumiza uthenga kwa akwawo a Hopewell kuti asavutikenso n'kubwera ku Dedza.

Makaniko anamutsina khutu, mkazi womukonda anamupempha, makaniko yemweyo anamupatsa ndi makiyi omwe m'manja, iye onsewo n'kuwayankha ndi mawu amodzimodzi. Akuluakulu anamuona kale munthu wotere pamene anati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.